Ndikufuna mafilimu a Chikatolika oti tikaonera tikhale ndi chokambirana

MayiWaKwaya:

Moni nonse. Ku parishi kwathu tili ndi kagulu ka anthu akuluakulu, ambiri apabanja, ndipo tagwirizana kuti nyengo ya Lenti ikubwerayi tizikumana Lamulungu madzulo, kuonera filimu imodzi kenaka n'kukambirana. Bambo mfumu atilola kugwiritsa ntchito holo. Ntchito yosankha mafilimu yagwera ine.

Vuto langa nali. Mafilimu a oyera amene anthu amakonda kubwerekana aja ndaonerapo ambiri, ndipo sindikuwanyoza, koma amafanana kwambiri. Woyerayo amabadwa ali woyera kale, nkhope imawala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, oipa ndi oipiratu, ndipo filimu ikatha aliyense amangoti zinali bwino, n'kunyamuka. Mukambirana chiyani pamenepo? The Passion of the Christ ya Mel Gibson tonse tinaionera kale, ndiye imeneyo musatchule. Ndikufuna zoti munthu wamkulu akaonera adzifunse kuti ineyo ndikanatani, zoti anthu awiri okhulupirira mofanana angathe kusiyana maganizo.

Chingerezi ambiri timamva, ndipo mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi sativuta bola asamathamange. M'gulumu muli amayi achikulire amene sangapirire zamaliseche kapena kutukwana kopyola muyeso, ndiye mundichenjeze ngati zilimo. Ndikufuna mafilimu 6, kuphatikizapo ya Lamulungu la Kanjedza.

MphunzitsiWopuma:

Mayi, yambani ndi Of Gods and Men. Zinazo zikakanika, imeneyi yokha musaiphonye.

Ndi filimu ya ku France ya 2010, woikonza ndi Xavier Beauvois, ndipo chaka chomwecho inapata mphotho ya Grand Prix pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes. Nkhani yake inachitikadi. Amonke a chipani cha Trappist anali ndi nyumba yawo ku Tibhirine, m'mapiri a Atlas ku Algeria, moyandikana ndi mudzi wa Asilamu. Ankalima, kuweta njuchi, kugulitsa uchi kumsika, ndipo mmodzi wa iwo, Luc, nkhalamba yodwala mphumu, anali dokotala wa mudzi wonse. M'zaka za m'ma 1990 dzikolo linalowa m'nkhondo yapachiweniweni pakati pa boma ndi magulu a zigawenga, alendo n'kuyamba kuphedwa. Akuluakulu a boma anawauza amonkewo kuti abwerere kwawo ku France, kapena alole asilikali aziwalondera. Usiku wa pa 26 Marichi 1996 anthu onyamula mfuti anabwera n'kutenga amonke 7, ndipo onsewo anaphedwa. Awiri anatsala chifukwa sanawapeze. Pa 8 Disembala 2018 ku Oran, Mpingo unawalengeza asanu ndi awiriwo kukhala odala, pamodzi ndi ena 12 amene anaphedwa m'dzikolo zaka zomwezo.

Ndakuuzani mapeto ake mwadala, chifukwa filimuyo siidalira kukubisirani mapeto. Imfa yawoyo siionetsedwa n'komwe. Nthawi yonse ikuthera pa funso limodzi: tichoke kapena tikhale? Ndipo apa ndi pamene imasiyana ndi mafilimu mwatopa nawo aja. Amonkewa ali ndi mantha enieni. Mkulu wawo, Christian de Chergé, akukana asilikali asanafunse anzake, ndipo pa msonkhano wawo anzakewo akumudzudzula pamaso kuti sanamusankhe kuti aziganiza yekha m'malo mwa onse. Atafunsana koyamba, ena akufuna kuchoka, ena kukhala, ena sakudziwa. Wina akunena mosabisa kuti sanalowe umonke kuti adzadulidwe pakhosi. Wamng'ono pa onsewo, Christophe, akumveka usiku akukuwira Mulungu m'chipinda mwake, anzake akumva kuseri kwa khoma. Palibe amene akufunafuna kufera chikhulupiriro. Chimene chikuwagwira mwendo ndi anthu a m'mudzi muja. Pali malo pamene mmonke wina akuuza akuluakulu a m'mudzi kuti iwo ali ngati mbalame pa nthambi, sakudziwa ngati auluke, ndipo mayi wina akumuyankha kuti mbalamezo ndi anthu a m'mudzi, nthambi ndi amonkewo.

Gulu lanu likhoza kuthera madzulo onse pa chochitika chimodzi chokha, cha usiku wa Khrisimasi. Mtsogoleri wa zigawenga akulowa ndi anyamata ake kudzafuna mankhwala ndi dokotala. Christian akukana, akumuuza kuti mfuti sizilowa m'nyumba imeneyo, akumutchulira mawu a mu Korani, n'kumuuza kuti usikuwo akukumbukira kubadwa kwa Yesu. Munthu uja akupepesa, n'kutambasula dzanja. Kodi Christian agwire dzanja la munthu wopha anthu? Akuligwira. Pambuyo pake munthuyo ataphedwa, Christian akupempherera mtembo wake, mkulu wa asilikali n'kupsa mtima. Funsani anzanu ngati iwo akanagwira dzanja limenelo, muona holo ikugawikana.

Chenjezo ndi limodzi: chakumayambiriro kuli chithunzi chachifupi cha antchito ochokera ku Croatia akudulidwa pakhosi. Amayi aja muwauziretu. Zotsalazo ndi mapemphero oimba, ntchito za kumunda ndi nkhope za nkhalamba. Chakumapeto Luc akubweretsa mabotolo awiri a vinyo patebulo n'kuika nyimbo ya Tchaikovsky, kamera n'kumayenda pa nkhope iliyonse popanda wolankhula. Ine pamenepa sindinapiteko maso ali ouma.

Yachiwiri ndi yakale, A Man for All Seasons ya 1966, ya Fred Zinnemann. Inatenga mphotho 6 za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse ndi ya Paul Scofield amene anasewera Thomas More. More anali nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII ku England. Mfumuyo itafuna kusiya mkazi wake Catherine kuti ikwatire Anne Boleyn, Papa n'kukana, inadzilengeza yokha kukhala mutu wa Mpingo m'dzikomo ndipo inafuna anthu alumbire. More anatula pansi udindo, anakana kulumbira, ndipo anadulidwa mutu pa 6 Julaye 1535. Analengezedwa woyera mu 1935, ndipo mu 2000 Papa Yohane Paulo II anamuika kukhala nkhoswe ya andale.

Chimene ndimaikondera ndi chakuti More wa m'filimuyi sakufuna kufa ngakhale pang'ono. Ndi loya. Akufufuza mawu a lumbirolo mmodzimmodzi kuti aone ngati pali pothawira. Chida chake ndi kukhala chete: sakunena chifukwa chimene akukanira, ngakhale kwa mkazi wake, kuti pasapezeke woti akamuchitire umboni. Mkazi wakeyo, Alice, ndi wokwiya, ndipo ukamumvetsera sungamunene kuti akulakwa, pakuti banja lasauka chifukwa cha chinthu chimene mwamuna wake sakumufotokozera. Mwana wake Margaret akubwera kundende kudzamupempha kuti alumbire ndi pakamwa pokha mumtima akuganiza zina. Anthu ogwira ntchito m'maofesi, amene amasainitsidwa mapepala oti mumtima sakugwirizana nawo, filimuyi imawakhudza kwambiri. Mulinso mnyamata wina, Richard Rich, amene More akumulangiza kuti akakhale mphunzitsi, koma iye akufuna udindo, ndipo pomaliza akupereka umboni wonama kuti aupeze. Monga mphunzitsi, ndimakondwera kuti malangizo abwino kwambiri m'filimu yonseyo ndi amenewo. Koma gulu lanu lidziwenso ichi, chimene filimuyo ikuchidumpha: More weniweni ali paudindo ankasaka anthu otsata chiphunzitso cha Luther, ndipo ena anawotchedwa. Munthu amene anafera chikumbumtima chake sanalekerere chikumbumtima cha ena. Zimenezi sizichotsa kulimba mtima kwake, koma n'zoyenera kuziika patebulo.

Yachitatu ikhale A Hidden Life ya Terrence Malick, ya 2019. Franz Jägerstätter anali mlimi wa m'mudzi wa St. Radegund ku Austria, wokwatira, wa ana aakazi ang'onoang'ono atatu. Anakana kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa Hitler, ndipo anamupha pa 9 Ogasiti 1943. More anali munthu wotchuka, dziko lonse linkamuyang'ana. Uyu sankadziwika ndi aliyense, ndipo onse omulangiza akumuuza chimodzimodzi: imfa yako siisintha kanthu, nkhondo ipitirira, amene avutike ndi mkazi wako ndi ana. Wansembe wake akumuuza zimenezo. Episkopi naye sakumulimbikitsa. Ndipo mkaziyo, Franziska, akuvutikadi: anthu a m'mudzi akumusala, akumulavulira, akukana kumuthandiza kukolola. Kwa gulu la anthu apabanja, funso lake ndi lolemera: kodi bambo ali ndi ufulu wosiya ana amasiye chifukwa cha lumbiro? Franziska anakhala ndi moyo mpaka kudzaona mwamuna wake akulengezedwa wodala ku Linz mu 2007, iye ali ndi zaka 94. Filimuyo imatenga pafupifupi maola atatu ndipo imayenda pang'onopang'ono, mapiri, udzu, mitambo, makalata akuwerengedwa. Ena adzasinza. Muigawe pawiri ngati n'kotheka.

Za Lamulungu la Kanjedza. Mu 1995, pokumbukira kuti kanema wakwanitsa zaka 100, nthambi ya ku Vatican yoona zofalitsa nkhani inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika, m'magawo atatu: achipembedzo, amakhalidwe ndi aluso. Pa mndandandawo pali The Gospel According to St. Matthew ya 1964. Woikonza, Pier Paolo Pasolini, anali wosakhulupirira Mulungu komanso wotsata maganizo a Marx, komabe anaipereka ngati chikumbutso cha Papa Yohane XXIII. Mawu ake anawatenga mu Mthenga Wabwino wa Mateyo osawonjezera nkhani zake. Osewera ambiri ndi anthu wamba a kum'mwera kwa Italy, nkhope zopsa ndi dzuwa, mano oguluka. Yesu anasewera ndi wophunzira wina wa ku Spain, ndipo Maria wokalamba pansi pa mtanda ndi mayi ake enieni a Pasolini. Yesu wa mmenemu amayenda mofulumira, amalankhula mwaukali, samwetulira kawirikawiri kupatula kwa ana. Mudzamvamonso Missa Luba, Misa yoimbidwa ndi ng'oma ya ku Congo. Chithunzi chake ndi chakuda ndi choyera, ndipo magazi ndi ochepa zedi poyerekeza ndi ya Gibson.

WakaleWaKuSeminale:

Aphunzitsi asankha bwino, koma taonani: anthu a m'mafilimu atatu oyamba aja analimba mpaka imfa, ndipo onse Mpingo unawakweza. Tikaonera zoterozo timatuluka tikudziika m'gulu la olimbawo. Nanga amene anagwa?

Mayi, ikanipo Silence ya Martin Scorsese, ya 2016, yochokera m'buku la Shusaku Endo, Mkatolika wa ku Japan. Ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti a ku Portugal, Rodrigues ndi Garupe, akulowa mozemba m'Japan cha m'ma 1640, nthawi imene Chikhristu chinali choletsedwa, kukafuna mphunzitsi wawo Ferreira amene akumveka kuti wakana Khristu. Ferreira ameneyu anakhalakodi, ndipo anakanadi mu 1633 atamupachika chadodolido m'dzenje. Akuluakulu a boma anali ataphunzira kuti kupha wansembe kumangolimbitsa Akhristu. Ndiye anasintha njira: wansembeyo samuzunza, amazunza nkhosa zake iye akumva, n'kumuuza kuti akangoponda chithunzi cha Yesu anthuwo amasulidwa. Rodrigues anabwera wokonzeka kufa ngati Yesu, ndipo m'mutu mwake amadzifanizira ndi Yesuyo. Kufa sakumupatsa. Akumupatsa kubuula kwa anthu ena usiku wonse. Kodi kukana kuponda pamenepo ndi chikhulupiriro kapena kunyada?

Mulinso Kichijiro, chidakwa chamantha chimene chimaponda chithunzicho nthawi iliyonse chikaopsezedwa, kenaka n'kuthamangira kwa wansembe kukapempha kulapa, mobwerezabwereza mpaka wansembeyo kunyansidwa nacho. Poyamba anthu amamuseka. Kenaka kuseka kumatha, chifukwa aliyense amene amapita kokalapa ndi tchimo lomwelomwelo chaka ndi chaka amamuzindikira.

Scorsese anakhalako ku seminale yaing'ono ali mnyamata, ndipo filimuyi anakaionetsa kwa Ajezuiti ku Rome isanatuluke. Si ntchito ya mdani wa Mpingo.

Ina ndi Calvary ya 2014, ya ku Ireland, mmene Brendan Gleeson akusewera wansembe wabwino. Munthu akulowa kokalapa n'kumuuza kuti ali mwana anachitidwa zachipongwe ndi wansembe amene anamwalira kale, ndipo popeza kupha wansembe woipa sikungadzidzimutse aliyense, apha wabwino. Akumupatsa sabata imodzi. Wansembeyo akupitiriza kuyendera nkhosa zake zimene zambiri zimamunyoza. Koma mmenemu muli kutukwana kwambiri ndi nthabwala zauve, chiganizo choyamba chenichenicho n'chobaya, ndiye kwa amayi aja mwina ayi. Pa nkhani yomweyo pali Spotlight ya 2015, ya atolankhani a nyuzipepala ya Boston Globe ku America amene mu Januwale 2002 anaulula mmene ansembe ogwirira ana ankangosamutsidwa ma parishi, mpaka Kadinala Bernard Law kutula pansi udindo mu Disembala chaka chomwecho. Mulibe zithunzi zonyansa, ndi anthu ogogoda pa zitseko ndi kufufuza m'mabuku. Lenti ndi nyengo ya kulapa, ndipo sindikuona chifukwa chakuti Mpingo wokha usiyidwe kunja.

Mukafuna yopepukirapo, I Confess ya Alfred Hitchcock, 1953. Wantchito wa panyumba ya ansembe ku Quebec akulapa kwa wansembe kuti wapha munthu, kenaka apolisi akuganizira wansembe yemweyo, iye osatha kunena kanthu chifukwa cha chinsinsi cha sakramenti. Ndi yaifupi, ndipo palibe amene angasinze.

NamwinoWausiku:

Achimwene a ku seminale, Silence ine ndikuikana, makamaka pa gulu losakanikirana chotere. Kuzunza kwa mmenemo n'kochuluka: anthu kuthiridwa madzi otentha, kumangidwa pa mitanda m'nyanja mafunde akuwamenya, kudulidwa mutu. Koma chachikulu si chimenecho. Pa nthawi yoponda ija Rodrigues akumva mawu ngati a Yesu akumuuza kuti aponde. Munthu wosakonzeka atuluka m'holomo akuganiza kuti Yesu amalola kumukana zinthu zikavuta. Nanga amaritiri onse anafera chiyani? Inuyo munaphunzira zaumulungu, mungathe kuzisanthula. Mayi wazaka 70 amene wabwera ndi korona m'manja mungomusokoneza.

Mayi a kwaya, ine ndikupatsani Dead Man Walking ya 1995. Susan Sarandon anapata nayo Oscar posewera Sisteri Helen Prejean, amene alikodi, ndipo wakhala akuperekeza akaidi oweruzidwa kuti aphedwe ku Louisiana. Mkaidi wa m'filimuyi, amene akusewera ndi Sean Penn, si munthu woti ungamumvere chisoni msanga: watsankho, wabodza, wodzikuza, ndipo mlanduwo anapalamuladi. Filimuyo siikubisa zimenezo. Bambo wa mnyamata wophedwayo akumufunsa sisteriyo kuti bwanji amayendera wakupha koma kwa makolo oferedwa sanapondeko, ndipo sisteriyo alibe yankho. Pantchito yanga timasamalira aliyense wobwera pa bedi, womenya ndi womenyedwa, nthawi zina usiku umodzi, ndiye funso limeneli ndimalidziwa. Ntchito yonse ya sisteriyo ndi kumufikitsa munthu uja poti avomere ndi pakamwa pake chimene anachita asanafe. Mukhoza kuikambirana pamodzi ndi ndime 2267 ya Katekisimu, imene Papa Fransisko anaisintha mu 2018 kuti inene kuti chilango cha imfa n'chosavomerezeka. M'gulu lililonse mumakhala ogwirizana ndi chilangochi, ndiye mkangano sudzasowa. Chenjezo: chakumapeto akuonetsa kugwirira ndi kupha kuja, mumdima koma momveka.

Romero ya 1989 nayonso ndi yabwino, Raul Julia akusewera Oscar Romero wa ku El Salvador. Anamusankha kukhala Arkiepiskopi mu 1977 poganiza kuti ndi munthu wa mabuku, wofatsa, wosavutitsa olemera. Patangopita milungu yochepa mnzake Bambo Rutilio Grande anawomberedwa pamodzi ndi nkhalamba ina ndi mnyamata, ndipo munthu wamanyazi uja anayamba kusintha. Anamuwombera pa guwa akuchita Misa pa 24 Marichi 1980, tsiku limodzi atalalika kuti asilikali aleke kupha abale awo. Analengezedwa woyera mu Okutobala 2018. Luso lake silifika pa la mafilimu atchulidwa ndi aphunzitsi aja, pena imakhala ngati sewero la pa wailesi yakanema, koma ndi yosavuta kutsatira.

Ndipo mukamaliza Lenti, kumanani kamodzinso nyengo ya Pasaka muonere Babette's Feast ya ku Denmark, 1987. Anthu ake si Akatolika, ndi kagulu ka Akhristu okhwimitsa zinthu, okalamba, osungirana zakukhosi. Mayi wothawa nkhondo ku Paris amene wakhala akuwaphikira zaka zambiri akupata ndalama za mpikisano, n'kuzithera zonse pa chakudya chimodzi chowakonzera. Iwo akupangana kuti adya koma sayamikira. Papa Fransisko anaitchula m'kalata yake ya za banja, Amoris Laetitia, mu 2016. Musaionere mukusala kudya, mudzadana nane.

MphunzitsiWopuma:

Amayi anamwino, nkhawa yanu ndikuimva, ndipo pa zoti si ya gulu lililonse ndikugwirizana nanu. Koma sindikuvomera kuti Silence ikunyoza amaritiri. Anthu olimba kwambiri m'filimu yonseyo ndi alimi osauka a ku Japan aja, amene akufa pa mitanda m'nyanja, mmodzi akuimba mpaka mawu kutha. Garupe naye akufa akusambira kutsatira anthu ake amene akumizidwa. Amene akugwa ndi wophunzira kwambiri, wobwera ndi chithunzi cha ulemerero wake m'mutu. Ndipo filimuyo siikumupatsa mphotho: moyo wake wotsala ndi wozizira, wamanyazi, akugwira ntchito yofufuza katundu wa amalonda kuti zinthu za Chikhristu zisalowe m'dzikomo. Mawu anamva aja anali a ndani? Filimuyo ikusiya funsolo kwa woonera, ndipo Akatolika ophunzira akhala akutsutsana pa mfundo imeneyi chiyambire pamene bukulo linatuluka mu 1966. Kamtanda kamene kakuoneka m'manja mwake kumapeto kwenikweni n'kowonjezera kwa Scorsese, m'bukumo mulibe.

Mukaionera, gulu lidziwe zimene zinachitika pambuyo pake. Akhristu obisala aja anakhala zaka zoposa 200 opanda wansembe, akubatizana okha ndi kuphunzitsana mapemphero pakamwa. Mu 1865 ena a iwo analowa m'tchalitchi chatsopano cha ku Oura ku Nagasaki n'kudziulula kwa wansembe wa ku France, Bernard Petitjean. Ambiri mwa makolo awo anali ataponda chithunzi chija chaka ndi chaka pokakamizidwa, n'kubwerera kunyumba kukapempha chikhululukiro. Chikhulupiriro chinadutsa m'manja mwa anthu onga Kichijiro. Petro nayenso anakana katatu, achimwene a ku seminale sanamutchule koma ndikudziwa anali naye m'maganizo.

Ndinasiya The Mission ya 1986 poganiza kuti ambiri anaionera, koma ngati ayi, ikhoza kulowa m'malo mwa Silence. Ajezuiti ali pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America, ndipo pangano la ku Madrid la 1750 likupereka dera lawo kwa Apwitikizi amene amagwira akapolo. Nthumwi ya Papa ikulamula kuti mishoni zitsekedwe pofuna kuteteza chipani cha Ajezuiti ku Ulaya. Wansembe mmodzi, amene akusewera ndi Jeremy Irons, akukumana ndi asilikali atanyamula Ukaristia. Mnzake (akusewera ndi Robert De Niro), amene kale ankagwira akapolo ndipo anapha m'bale wake, akutenganso lupanga. Onse akufa, ndipo filimuyo siikunena amene analondola. Chochitika chimene sindichiiwala ndi cha De Niro akukwera phiri la pa mathithi a Iguazu akukoka mtolo wa zida zake zankhondo ngati malipiro a machimo. Mjezuiti wina akudula chingwe pomumvera chisoni, iye n'kutsika kukaumanganso. Akumasuka pokhapokha pamene wodula chingwe ndi mmodzi wa anthu amene ankawasaka aja. Pa sakramenti la kulapa sindidziwa phunziro loposa limenelo. Nyimbo zake ndi za Ennio Morricone, ndipo inu a kwaya mudzazifuna. Anthu a m'nkhalangowo savala zambiri, koma si zachiwerewere.

MayiWaKwaya:

Zikomo nonse, mwandipatsa zoposa zimene ndinapempha. Ndaganiza chonchi: tiyambe ndi A Man for All Seasons poti ndi ya Chingerezi ndipo siiopsa, kenaka The Mission, Dead Man Walking, A Hidden Life, Of Gods and Men, ndipo Lamulungu la Kanjedza ya Mateyo ija. Silence ndiyamba ndaonera ndekha ndi amuna anga, ndikaona kuti ndingathe kuitsogolera ndidzaitanitsa ofuna okha tsiku lapadera. Spotlight ndikufuna ndikambirane kaye ndi bambo mfumu, osati kuti andiletse, koma kuti adzakhalepo n'kuyankha mafunso, pakuti mafunso adzakhalapo. Achimwene a ku seminale, musaone ngati ndakutayani.

Funso lina: A Hidden Life ndikaigawa pawiri masiku sakwana. Ndiichotse, kapena tingopirira maola atatuwo?

WakaleWaKuSeminale:

Musaigawe, Mayi. Mphamvu yake ili pa kutopa komweko, pofika kundende woonera amakhala atalema limodzi ndi Franziska. Tsiku limenelo muyambe msanga ndi ola limodzi, mupume pang'ono pamene Franz akuchoka kumudzi kupita ku usilikali, ndipo zokambirana muzisunge mpaka Lamulungu lotsatira musanayambe filimu ina. Mbali zina za Chijeremani mmenemo sanazimasulire dala, ndiye musaganize kuti makina awonongeka.

Of Gods and Men ndi ya Chifalansa ndi Chiarabu, ndipo pena mudzaipeza ndi dzina lake loyambirira, Des hommes et des dieux. Ya Pasolini ndi ya Chitaliyana, ndipo pali ina yofupikitsidwa, yopakidwa mitundu, yoikidwa mawu a Chingerezi pamwamba. Imeneyo muipewe, funani yathunthu ya maola awiri ndi mphindi zingapo. Zonse ziwiri muziyese pa makina a m'holomo tsiku lisanafike, muone ngati mawu a m'munsi akuwerengeka kwa munthu wokhala kumbuyo.